Amuna anga akukana msonkho, msewu watilanda mnzathu

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 66. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala ku Kenya kuno kuyambira 1982. Nyuzipepala yanu imatipeza mochedwa, amatibweretsera ndi ana asukulu akamachokera kutchuthi, ndipo tsamba lanu timapatsirana mpaka kung'ambika. Sindinkaganiza kuti tsiku lina ndidzakulemberani ine. Koma nkhaniyi sindingaikambe kutchalitchi, poti aliyense amene ndingamuuze ali m'kati mwake.

Amuna anga, a Gresham, ankagwira ntchito yosindikiza mabuku kubungwe lina la mpingo ku Nairobi. Ine ndinali namwino pakachipatala ka mpingo womwewo. Tidakali pantchito, bungwelo linagula malo ku Ongata Rongai, kunja kwa mzinda, n'kuwadula mapuloti kuti antchito ake okalamba adzakhale ndi pofikira. Tinasamukira kuno mu 1994. Nthawi imeneyo nyumba zinali zowerengeka. Kutsogolo kwathu kunali tchire, Amaasai ankadyetsa ng'ombe mpaka pampanda pathu, ndipo tsiku lina ndinaona mbidzi ndikuyanika zovala. Malowa tinawatcha Mapumziko, m'Chiswahili ndiye kuti mpumulo.

Mbiri itamveka kuti kuno malo ndi otchipa komanso kuli bata, opuma pantchito anayamba kufika ngati aitanidwa: aphunzitsi, a njanji, apolisi, abusa. Aliyense ankangolandira yake yopumira n'kubwera kudzamanga. Lero nyumba zafika mazanamazana, ena amanga zosanja za lendi, ndipo ndikatuluka pageti ndimapatsana moni ndi anthu amene sindiwadziwa. Koma msewu ndi womwe uja tinaupeza, wa makande okhaokha. Madzi timagula kwa a ngolo za abulu. Ngalande kulibe, moti madzi onse ochokera m'madenga atsopanowa amathera mumsewu.

Amalawi tinalipo mabanja awiri okha, ife ndi a Blackson ndi akazi awo a Magdalene. A Blackson ankayendetsa galimoto kubungwe lomwe lija, ndipo iwo ndi amuna anga anali ngati a mimba imodzi. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde pathu kusewera bawo, uku akukangana za mpira wakumudzi umene sanauonere kwa zaka zambiri.

Zaka zitatu zapitazo a khonsolo, amene kuno timawatcha a kanjo, anatikumbukira. Sanabwere ndi thalakitala ayi, anabwera ndi makalata a msonkho wa malo, atawerengera ndi zaka zam'mbuyo zomwe. Anthu anapsa mtima. Tinakumana pabwalo la tchalitchi. Mzee Mutiso, mkulu wina amene anapuma kunjanji, anaimirira ndi ndodo yake nati, "Boma linkadula msonkho pamalipiro anga ndisanawaone n'komwe, kuyambira ndili mnyamata mpaka mano kutha. Lero likufunanso chiyani kwa ine?" Ena anati ndalamazo zikangomangira sukulu ana a anthu a lendi, pomwe ife athu tinaphunzitsa kale. Mama Nyambura, amene anali mphunzitsi wamkulu, ndi yekhayo anati, "Tiyeni tilipire, kenako tikawasowetse mtendere kuofesi kwawo malisiti ali m'manja." Anamukuwiza mpaka anakhala pansi. Mfundo inamangidwa: popanda msewu, palibe msonkho. Ndipo wapampando wa komiti anasankhidwa amuna anga.

Ndikuuzeni za amuna angawa. Si munthu woumira, ana a abale amene anawalipirira sukulu ndi ambiri. Koma mawu akuti msonkho safuna kuwamva n'komwe. Ali mwana, nthawi ya atsamunda, bambo awo ankagona kuphiri kuthawa amesenjala. Tsiku lina amesenjalawo anatenga mayi awo m'malo mwake n'kukawasunga kuboma mpaka ndalama itapezeka. Bambowo kenako anapita ku Joni kukasaka ya msonkho, ndipo anatchona konko. Nkhaniyi amaikamba ngati yachitika dzulo.

Chaka chatha a Blackson anabweretsa ganizo pamsonkhano. Anati popeza a kanjo sakubwera, tichite harambee, kusonkherana tokha, tigule miyala ya kukwale ndi kukumba ngalande. Amuna anga anakana pamaso pa anthu. "Achimwene, mukufuna tilipire kawiri? Tikaukonza tokha, a kanjo adzati zikomo n'kubwerabe kudzatolera. Umenewo ndi msonkho womwewo, mwangouveka malaya ena." A Blackson anangoseka nati, "Chabwino apampando, koma ine miyendo yangayi yatopa ndi matope." Anthu anakweza manja, amuna anga anapambana. Lamlungu lake bawo linaseweredwa ngati kale.

Mu Epulo chaka chino mvula inagwa yosalekeza. Tsiku lina m'mawa a Magdalene anafika akuthamanga, opanda nsapato, kuti a Blackson agwa kubafa. Nditawaona ndinadziwa kuti ndi sitiroko. Pakamwa panali patapotoka, dzanja lamanja litalefuka, koma ankapuma bwino ndipo anandizindikira. Galimoto yoyamba imene tinaitana inatitimira isanafike ndi patchalitchi pomwe. Wa yachiwiri anangoona matopewo n'kubwerera. Tinawagoneka pa mkokoteni, ngolo yokoka ndi manja imene amanyamulira makala. Okankha tinali nkhalamba zokhazokha, amuna anga ali kutsogolo kukoka. Pafupi ndi chigayo teyala linalowa m'dzenje, ndipo tinalimbana nalo mpaka mphamvu kutithera. Pofika patala nthawi ya nkhomaliro inali itadutsa. A Blackson anamwalira m'galimoto imene tinaipeza patalapo, mutu uli pamiyendo panga, tisanafike kuchipatala.

Tinawaika ku Lang'ata, poti kunyamula maliro kupita ku Malawi sitikanakwanitsa. Titabwerako kumanda ndinalowa kukhitchini kukathandiza. A Magdalene ananditsatira, nandigwira dzanja, nati motsitsa mawu, "Amayi a Lusekero, mukawauze apampando kuti ife msonkho wathu tapereka." Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pathu. Ndikawapatsa moni kutchalitchi amayankha akuyang'ana kumbali. Mawuwo sindinawafikitse kwa amuna anga.

Panopa amuna anga asintha. Chakudya amangochitosa. Bawo analiika pamwamba pa kabati. M'mawa uliwonse amatenga wilibala, kukatola miyala kukwale yakale n'kumakathira padzenje lija, okhaokha, munthu wa zaka 71 wodwala matenda othamanga magazi. Ndikafunsa amati akuwongola miyendo. Koma pamsonkhano ndiye akuchita kuwirikiza kukana. Mwezi watha a kanjo anatumiza chenjezo kuti nyumba za osalipira adzazigulitsa pa okushoni. Ndinati, "Bambo, ife ndife alendo m'dziko muno. A Mutiso akalandidwa nyumba ali ndi kwawo ku Machakos. Ife tidzalowera kuti?" Anandiyang'ana nati, "Ndikalipira ine, ndiye kuti a Blackson anafera chiyani?" Basi n'kutuluka.

Mwana wathu Lusekero ali ku Lilongwe, akuti tigulitse tibwerere kumudzi. Koma kumudziko makolo anatha, munda anagawana, wotidziwa ndani? Ndamva kuti ena a m'komiti momwemo analipira kale mwakachetechete. Ine ndili ndi kanga kopumira pantchito, kakhoza kukwanira. Aphungu, kodi ndikalipire mobisa? Chikwatirane sindinawabisirepo kanthu amuna angawa. Nanga a Magdalene ndiwatani? Ndikuopa mvula ya Novembala, chifukwa amene adzakwere mkokoteni ulendo uno ndimadya naye patebulo limodzi tsiku lililonse.

B.K., Ongata Rongai, Nairobi

Mayi B.K.,

Pepani ndi imfa ya a Blackson. Munachita zonse zimene namwino angachite m'matope, ndipo mnzanuyo sanafere m'manja mwa alendo.

Ndiyambe ndi funso lanu. Msonkhowo lipirani, koma osati mobisa.

Dandaulo la anthu a ku Mapumziko ndi loona. Wotolera msonkho osakonza msewu ndi wolakwa, ndipo munthu amene wadulidwa malipiro moyo wake wonse ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma taonani amene akumva kuwawa pa ndewuyi. Khonsolo sinataye munthu. Khonsolo ilibe nyumba yoti ilandidwe. Mama Nyambura ananena zoona, kungoti anazinena kwa anthu okwiya. Malamulo a ku Kenya sindiwadziwa, choncho musadalire ine kapena mphekesera za pachigayo. Sabata ino tengani chenjezolo ndi mapepala a nyumba mupite kubungwe limene linakugulitsani puloti, akupezereni loya. Mufunse zinthu ziwiri: ngati angagulitsedi nyumba yanu, ndi ngati angakuloleni kulipira pang'onopang'ono.

Chifukwa chimene ndikukaniza zobisa ndi ichi. Inuyo mwamva kale za ena amene analipira mwakachetechete. Mukuganiza zanu sizidzamveka? Tsiku lina wina adzaimirira pamsonkhano n'kunena kuti apampando akutiletsa ife pomwe kunyumba kwawo analipira. Manyazi amenewo bambo sangawapirire, ndipo adzadziwa kuti awatchera ndi akazi awo. Akhazikeni pansi muwauze maso ndi maso: "Bambo, Lolemba ndikupita kukalipira ndi ndalama yanga. Sindikufuna mumve kwa wina." Adzakalipa. Mwina adzatha masiku osakulankhulani. Pirirani, ndipo Lolembalo mupitedi. Sindingadabwe ngati mumtima akudikira wina woti awatule katundu amene iwo sangathe kutula okha.

Amuna anu sakulimbananso ndi khonsolo, mayi. Akulira maliro. Akavomera kulipira, kwa iwo ndiye kuti avomera kuti mnzawo ankanena zoona ndipo iwo anamutsekera njira. N'chifukwa chake pakamwa pakukana pomwe manja akukonza msewu. Musawanamize kuti alibe mbali pa zimene zinachitikazo, sangakukhulupirireni. Koma inu monga namwino mukudziwa kuti sitiroko imapha ndi okhala pafupi ndi chipatala omwe, ndipo manja amene anakwezedwa tsiku lija anali ambiri. Zimenezo auzeni kamodzi, mofatsa. Uthenga wa a Magdalene usungeni, bambo akuudziwa kale popanda kuuzidwa. Mawa akamatenga wilibala, inu tengani fosholo muwatsatire, osafunsa kanthu. Mukabwerako muwayeze magazi, ndipo mankhwala azimwa inu mukuona.

Mpando wa komiti ausiye. Matenda awo ndi chifukwa chokwanira, palibe angawanene. Kenako pitani kwa Mama Nyambura mumupemphe abweretsenso ganizo la kusonkherana lija. Anthu amene anakankha ngolo ija m'matope sadzavotanso ngati kale. Bambo safunika kulankhulapo, kungokhala chete n'kokwanira. Ndipo musadikire msewu wonse. Mudzi wa okalamba okhaokha uyenera kukhala ndi machira patchalitchi, ndi munthu wodziwika wa galimoto yamphamvu amene mwagwirizana naye mvula isanayambe. Zimenezi mukhoza kuyambitsa inuyo ndi amayi anzanu, sizifuna komiti.

Kwa a Magdalene pitani nokha. Musapite kukaikira kumbuyo amuna anu, musapitenso kukapempha kuti akhululuke. Mayiyo waika mwamuna m'dziko la eni, ndipo munthu yekhayo amene angalire naye m'chinenero chake ndinu. Nenani kuti mwabwera kudzakhala nawo. Akakusiyani pakhomo, bwererani, mudzapitenso sabata yamawa. Ndisakunamizeni, mwina chibale chanu sichidzafikanso pamene chinali. Koma asadzadwale okha m'nyumba inu muli pafupi.

Zobwerera kumudzi musazimange muli pachisoni. Zinthu zikakhazikika kachezeni kwa Lusekero mwezi umodzi, mukaone ndi maso anu. Ku Lilongwe nako msonkho ulipo, matope aliponso.

Pomaliza, chenjerani. Okalamba akagwidwa ndi mantha a okushoni, pamatulukira anthu a masuti onena kuti muwapatse kangachepe akakufufutireni dzina, kapena oti akugulani nyumbayo msanga isanalandidwe. Musapereke ndalama panjira, musasaine chilichonse loya asanaone. Ndipo musakhale pansi kudikira tsiku limene bambo adzanene kuti ndinalakwa. Amuna ena amapita kumanda mawu amenewo ali pakhosi. Inu chimene mukufuna si kupepesa kwawo, mukufuna akhale moyo.

Aphungu