R ya Rumphi

Lolemba, 21 Okutobala 2013

Kutentha. Kiyi ya labu ili ndi ine sabata yonse. A Chavula, aphunzitsi athu a kompyuta, apita kumaliro ku Chitipa. Pa buleki ndinalowa ndekha kukataipa nkhani yanga. Masamba anayi tsopano!

Vuto kompyuta yaikulu ija. Ikamaliza kuyaka, tiii. Ukalakwitsa batani, tiii. Anyamata pawindo: "Wolemba mabuku wayambapo!" Manyazi ake.

A Chavula anatiphunzitsa kuti kompyuta ikamayaka imaitana mamojulo ake, ya mawu, ya fulashi, ya intaneti, iliyonse ndi ntchito yake. Ndiye pali fayilo ya bulakilisiti, imene walembamo siitanidwa. Pasiwedi ili kuseri kwa kalendala. Ndalembamo pcspkr, ya tiii ija. Ndawonjezera r8169, r ndiye kuti rediyo, nayonso ndi yaphokoso basi. Kuzimitsa, kuyatsa. Zii. Ndine dolo.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Intaneti yafa.

Ahedi akufuna kutumiza mayina a Fomu 4 olemba mayeso, tsiku lomaliza Lachisanu. Chingwe chili bwino. Kabokosi ka intaneti kakuyaka. Apa ndinazindikira: r8169 ija sinali rediyo, inali ya intaneti.

Wina waulula kuti Hezron wa Fomu 4 analowetsa fulashi yake sabata yatha. Ahedi akuti ndi vayirasi. Iye: "Ine yayi, Madamu, muli nyimbo za kwaya zokha." Kalasi yonse kuseka. Inenso ndinaseka. Ndinasekeranji?

Kiyi andilanda. Akuti asalowenso munthu. Mzere umodzi wokha, ndikanaufufuta mwachangu.

Lachitatu, 23 Okutobala

Hezron amubweza kunyumba. Dzina lake silipita mpaka komiti ikhale pansi, ndipo komiti ikhala mwezi wamawa. Ndiye kuti mayeso salemba. Bambo ake, mkulu wa mpingo, anabwera atavala jekete dzuwa lonseli. Potuluka sanapatse moni aliyense.

Amayi anandituma tomato kumsika wa Mhuju. Wogulitsa, mayi ake a Hezron. Ndinafuna kudutsa, anandiitana. Anandiikira basela ziwiri. "Yewo chomene, mwana wane, iwe ndiwe wofatsa." Tomatoyo sindinadye.

Ndikanena, adadi amva. Chitisamutsire kuno kuchokera ku Dedza nyimbo yawo ndi imodzi: kwa eni sachita zamanyazi.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ahedi aimbira a Chavula, foni patebulo, ine pa kiyibodi chifukwa ndimafulumira. Netiweki yodukaduka. Akuti lemba modprobe, kenako dzina la mojulo. "R eyiti wani sikisi nayini." Ahedi: "L?" Iwo: "R ya Rumphi!" Ahedi: "Eya, ya Lumphi, lemba L." Anakangana mpaka amesenjala anaseka pakhomo. Ine dzinalo ndikulidziwa ngati langa, koma ndinadikira kaye, ndisaoneke.

Intaneti inabwera. Ahedi kuomba m'manja. Asanatsegule imelo, magetsi thi.

Atabwera masana, tayatsa, yafanso. Tinawaimbiranso a Chavula, iwo: "Ngati ikubwera ukaiitana pamanja koma poyaka ayi, alipo waitsekera pakhomo. Akuzike, tsegula bulakilisiti, undiwerengere."

Ndinawerenga mizere yonse. Umodzi ndinaudumpha. Chala chinafufuta, pakamwa pakuti, "Palibe chachilendo, sala." Ahedi anali kumbuyo kwangaku, koma kwa iwo zonse zija ndi nyerere.

Kuzimitsa, kuyatsa. Yabwera, yakhazikika. A Chavula anangoti "hmm", foni inaduka.

Ahedi akuti ndachotsa vayirasi ya Hezron. Akuti adzanditchula pa asembule. Mawa m'mawa ndine wotaipa mayina. Pepala ndaliona. Mayina 41, limodzi lodulidwa ndi bolopeni yofiira.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndikulemba nditakhala pa khonde la labu.

Ndataipa mpaka nambala 22. Pa 23 ndi pofiira paja. Ndinaima. Mawu anatuluka aang'ono moti anati ndibwereze. "Madamu, si Hezron. Ndine."

Anaseka! "Iwe? Ungaphe nsabwe iwe? Kapena ndi chibwenzi chako?" Ndafotokoza za kulira kuja, za rediyo, za mzere. Sakumva. Akuti atsikana a masiku ano mumafera anyamata. Mutu wanga unatentha. Ndinati ndikhoza kuiphanso pompano, popanda fulashi, inu mukuona.

"Ipha ndione."

Ndalembanso mzere wa r8169 uja. Kuzimitsa, kuyatsa. Tinadikira tonse, kompyuta ikuitana mamojulo ake imodziimodzi. Atsegula imelo. Palibe. Ayesanso. Palibe.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anavula magalasi, anati, "Chotsa." Ndachotsa, yabwera. "Nambala 23, lemba." Ndalemba Hezron, kulakwitsa kawiri. Atumiza okha.

Asembule palibe. Kiyi ili m'chikwama mwawo, kalendala aichotsa pakhoma. Amesenjala atumidwa kawiri, koyamba kwa mkulu wa mpingo, kenako kwa adadi ku ofesi ya zaulimi. Akuti ndikafotokoze ndekha, onse awiri ali pompo, monga ndafotokozera iwo.

Njinga yamoto ya adadi ndikuimva ku msewu. Ndiyambire pati, pa rediyo kapena pa... Afika.