Mphini pakhosi pa Tadala

Lachinayi madzulo. 

Pochokera kudimba ndapeza atsibweni atapanikiza mwana wanga Tadala pamphasa, sing'anga wa ku Mayani akumutema mphini pamawanga akuda amene anamutuluka m'khosi. Magazi ali chuchuchu mpaka padilesi. Chonsecho adokotala ku Boma anatiuza kuti ndi nthenda ya pakhungu yosaonekaoneka, si kulodzedwa, tizingomudzoza mankhwala.

Sing'angayo ndamutibula ndi chikuni, wathawa kusiya lezala pansi. Atsibweni ati, "Mbumba ino ndi yanga." Nawonso ndawaswa mlomo, anthu amene anandilera.

Tadala sanalire. Pomutsuka wangofunsa kuti, "Amayi, achoka tsopano?"

Mawanga ali pomwepo, tangowonjezerapo zipsera. Ndamuuza kuti agone.