Chinangwa Changa Chikwera Ndege

Lachinayi, Ogasiti. Mwera wawomba tsiku lonse, koma ine thukuta kamukamu, mtima uli m'mwamba.

Kuloji kwathu kunabwera Mayi Nyirenda, a kampani ya tindege timene timanyamula alendo athu kuchokera ku Lilongwe. Akuti kampani ina yatsitsa mitengo ya matikiti ndipo yawalanda makasitomala. Iwo sangatsitse, ndiye akufuna kupambana ndi chakudya cha m'ndege, choti mlendo azichikumbukira akatsika. Bwana anati ine khukhi ndikonze zolawitsa. Ndinalimbana ndi masangweji ndi makeke m'mawa wonse. Mayi aja anangoluma kamodzi, amvekere, "Izi anzathu aja akupereka kale."

Potuluka anadzera kukhitchini, n'kutipeza tikudya chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi mandimu. Manyazi anandigwira. Anatola chimodzi, chachiwiri, mpaka mbale yonse psiti. "Achimwene, ichi ndiye ndikufuna, Lachisanu lililonse kuyambira sabata yamawa. Mukwanitsa?" Ndinavomera ndisanaganize n'komwe.

Atachoka, Ada Chirwa osamalira maluwa anandiseka: "A ku Mulanje inu! Kuno timalima chowawa cha kondowole, chomwe chimayamba chaviikidwa m'madzi kuti chisaledzeretse. Chozuna chija chinali cha kuseri kwa nyumba yanga, ndipo mwachimaliza. Mukufuna kuledzeretsa azungu m'mitambo?"

Mawa ndipalasa njinga mpaka ku Kande, ndikafunse khomo ndi khomo. Ndikachipeza basi, ngakhale mapazi atupe. Ine ndege ndimangoiona ikudutsa, koma chinangwa changa chikwera, mwinanso chikhala chakuwindo!