Lamba Mmodzi ndi Waya

Lachisanu, 11 Marichi 1977

Ku City Centre, nyumba yatsopano ya maofesi. Mapaipi amphepo, amalata opotana aja, tafika nawo m'chipinda cha misonkhano. Pokhotera pali chigongono, cholemera ngati mwana wang'ombe. Lamulo lopachikira ndimalidziwa: lamba wachitsulo mbali iyi, wina mbali inayo, misomali ya mariveti kuzungulira polumikiza. Koma dzuwa pamutu, mzikiti ku Old Town, njinga yanga yokalamba. Ndamanga lamba mmodzi. Kwinako waya, ndimati ndikonza masana.

Nebert, mnzanga pantchito, wandifunsa ngati ndamaliza. Ndati eya. Walemba N wake ndi choko kumimba kwa paipi, ngati wamanga ndi iye, kuti kapitawo asadziwe kuti ndachoka. Amatero Lachisanu lililonse, Mkhristu ameneyu. Pobwera ndapeza okhoma siling'i atatseka kale kudenga. Waya uja watsala momwemo.

Lachiwiri, 15 Marichi

Ayatsa makina, paipi yonse njenjenje. Waya wanga waduka. Chigongono chaboola siling'i, chagwetsa chithunzi cha Pulezidenti chapakhoma, galasi phwaa. Bola chikanathyola ine mwendo.

Masana amuna awiri a boma pa Landirova, kufuna mwini wake wa N. Nebert wandiyang'ana kamodzi, n'kukwera.

Lachisanu, 18 Marichi

Kumzikiti sindinapite. Ndikagwada bwanji? Kapitawo akuti nkhani si ya lamba ayi, akuti munthu wanyoza boma mwadala. Komwe ali Nebert palibe akudziwa, ndipo palibe akufunsa.

Ndamuuza zonse mkazi wanga Asiatu. Watseka zenera kaye. "Mukalankhula atenga awiri, bambo a Iddi, sabweza mmodzi." Mwina akunena zoona. Chondichititsa manyazi n'choti mtima wanga unakondwa kumva zimenezo.

Chigongono ndachimanganso ndekha. Malamba atatu, pofunika awiri. Nzeru zobwera mvula itakata.

Lolemba, 21 Marichi

Anastazia, mkazi wa Nebert, wabwera kwathu wapansi, mwana kumsana. Ndimayesa wabwera kudzandilavulira, ndipo ndikanapepukidwa. Ayi. Wagwada pakhomo n'kuthokoza, ati anzake onse a mwamuna wake akumuzemba, wompatsa moni ndatsala ndekha. Asiatu maso pansi.

Ponyamuka anati, "A Mikaili, Lachisanu mukawapempherereko kumzikiti kwanu. Paja ankati inu simuphonya."

Ndinati eya. Eya yemwe uja.