Muwawani wa apongozi wachita maluwa

Aphungu,

Ndiye mkulu uja atangotafuna khungwalo anatong'ola maso, n'kundifunsa kuti wandituma ndani kudzamupha. Pepani, ndayambira pakati, ndi mmene ndimayankhulira. Tinali pamzere wogula feteleza wa makuponi chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo. Patsogolo panga panali bambo wina wa kwa Kaluluma, m'mimba mukumupota moti anali atapindika ngati chikwakwa. Ine m'thumba la jekete simusowa kakhungwa ka muwawani. Ndinamupatsa kuti atafune, amwere madzi. Kuwawa kwake mukukudziwa, poyerekeza nako ndulu ya ng'ombe ndi shuga. Anathamangira kuseri kwa depoti kukadzithandiza, ndipo pobwerako anali munthu watsopano. Matumba ake onse awiri anawasenza pamutu, uku akuimba mluzu.

Apa m'pamene pakamwa panga panandigulitsa. Ndinauza mzere wonse kuti mtengo umenewu umachiza m'mimba, malungo, mutu, matenda a abambo oyendayenda aja, ngakhale nsanje ya pamitala. Wina atafunsa kumene uli, ndinalongosola njira ngati kondakitala wa minibasi, mpaka kutchula chulu chake.

Vuto n'lakuti mtengowo si wanga. Ine ndine mkamwini kuno kwa Wimbe, kwathu ndi ku Ntchisi. Muwawaniwo uli pachulu, kumalire a munda wa fodya wa apongozi anga aakazi, aNankhoma. Mitengo ina yonse kuno inathera mphanda za zigafa za fodya, mungathe kuona munthu akuchokera ku Mtunthama inu muli pakhonde. Uwu wokha ndiwo unatsala, chifukwa malemu apongozi aamuna ankaukaniza, ndipo mayiwa anapitiriza. Si mtengo wautali kwenikweni, koma ndi wa mthunzi wabwino. Khungwa lake ndi lodera, long'alukang'aluka, masamba ake amakhala awiriawiri pakamtengo kamodzi, olendewera ngati atopa. Nyengo yozizira umayoyola, kenako kukayamba kutentha, masamba asanabwere, umachita maluwa achikasu onunkhira. Zipatso zake ndi nyemba zazitali ngati zikwapu za pangolo, ndipo zimalendewera mpaka chaka china.

Mayiwa ali ndi lamulo lawo. Wofuna khungwa apemphe kaye, aseme kachidutswa kosaposa chikhatho, mbali ya kum'mawa kapena ya kumadzulo basi, akatha amatepo dothi. Ine ndinkati ndi zachikale, zoti mankhwala amphamvu amakhala kotulukira dzuwa. Alendo anga aja sindinawauzeko zimenezi.

Aphungu, anthu anabwera. Apanjinga, apangolo, matenanti a m'maesiteti, mayi wina mpaka ndi thumba loti akagulitse pamsika. Ife tinali m'chigafa kusoka fodya, mitu ili pansi. Pofika nthawi yodinda mabelo, thunthu lonse linali mbee ngati mbuzi yosenda ya pa Khirisimasi. Masamba anayoyoka nyengo yake isanakwane, ndipo nthambi za mbali imodzi zinauma gwaa.

Paja mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso, tikakumana panjira ine ndimapatukira m'maudzu. Uthenga umadzera mwa mkazi wanga Feggie, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Tsiku limenelo mayiwa anakhala chondifulatira, n'kunena mokweza kuti ndi nkhuku zomwe zimve: "Feggie, uwauze amuna akowo. Mtengo wa bambo ako ukapanda kuchita maluwa chaka chino, njinga yawo ikuidziwa njira ya ku Ntchisi."

Ndinamuuza Feggie kuti awayankhe mayi asade nkhawa, akamwini awo ndi dokotala wa mitengo. Iye sanapereke uthengawo. Anangoti, "Inu a Tobias, udokotala wanuwo ndi umene watifikitsa pano."

Musaone ngati zinali zoseka. Mayiwa ndi a Mvano, sanena kawiri. Nyumba ndinamanga pamalo pawo, munda ndikulima ndi wawo, dzina langa la makuponi linalembedwa m'mudzi uno, ndipo Feggie anandiuziratu kuti za chitengwa ndiiwale, mayi ake sangawasiye okha. Mtengo ukanauma, ndikanabwerera kwathu ndi khasu, wailesi ndi manyazi.

Ndiye ndinayamba kudwazika mtengo. Ndinaumata dothi losakaniza ndi ndowe, n'kuukulunga ndi chiguduli. Makeni othirira nazale ya fodya kudambo ndinkayamba nawo kuchulu, nazale pambuyo. Ndinabako ngakhale feteleza wa m'nyumba, manja awiri, n'kuthira patsinde. Mnzanga Tsoka akadutsa ndi ngolo yake ankaima n'kufunsa ngati wodwala wadyako phala, kapena abweretse ngolo timutengere kuchipatala. Ine amene ndimadziwika kuti ndikaseka amandimva ku Chamama, ndinaonda mpaka lamba ndinaboola bowo lina.

Lamulungu lapitali m'mawa, Feggie akuchokera kumjigo anatula ndowa n'kunena kuti, "Tapitani mukaone chibwenzi chanu chija, chavala chitenje chachikasu." Ndinathamanga nsapato imodzi ili kuphazi. Maluwa, Aphungu! Mbali imodzi yokha, koma maluwa, njuchi zili ng'ung'ung'u. Nditasuzumira bwino ndinapeza kuti kumbali imene chulu chakwera, kumene kuli chitsamba cha minga, kunatsala kamzere ka khungwa kuchokera pansi mpaka kunthambi, kukula kwake ngati zala zitatu. Akuba anga aja minga inawaletsa. Madzulo ake apongozi ananditumizira chipanda cha thobwa. Chibadwire sindinamwepo thobwa lokoma chotero.

Tsono ndili ndi mafunso awiri. Mbiri yamveka kale kuti mtengo wa a Tobias unafa n'kuuka, ndiye mphamvu zake akuti zawirikiza, ndipo makuponi a chaka chino ali pafupi. Ndiwaletse bwanji anthu osanditcha woumira, poti ndinawaitana ndine? Lachiwiri, Feggie ndi woyembekezera, ndipo masiku ano akumva kuzizidwa ndi mutu. Ndikufuna ndimuwiritsire kachidutswa kakang'ono, koma akukana, akuti kusikelo anawaletsa za zitsamba. Ine ndachiritsa theka la Kasungu, nanga mkazi wanga yekha ndimulephere?

T.K.B., Wimbe, Kasungu

Ndisanaiwale, zoti mkulu uja anasenza matumba awiri ndawonjezera pang'ono. Thumba linali limodzi, ndipo anasenza ndi mkazi wake.

A T.K.B.,

Ndaseka, ndipo ndakondwera nanu. Thobwalo mwamwa, koma amene anayenera kumwa ndi chitsamba cha minga chija. Mtengowo sanaupulumutse ndi makeni anu kapena feteleza wobedwayo, waupulumutsa ndi kamzere ka khungwa kaja.

Chakudya cha mtengo chimapangidwa m'masamba, ndipo chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa. Mukasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse mwadula njira, mizu imafa ndi njala ngakhale muthire madzi a m'dambo lonse. Kaya makolo ankati mphamvu ili kotulukira dzuwa, kaya ankati chiyani, lamulo la apongozi anulo limasiya mbali ziwiri zosakhudzidwa kuti chakudya chizidutsa pamene bala likupola. Inu munalitcha lachikale, koma mtengowo mwaupeza uli moyo chifukwa cha lomwelo.

Musavine kwambiri panopa. Mtengo wovulala umatha kuchita maluwa ndi chakudya chimene unasunga kale. Umboni weniweni muuona mvula ikagwa: masamba atuluke obiriwira ndi kukhalitsa, ndipo m'mbali mwa bala muyambe kutupa ngati milomo, kusonyeza kuti khungwa latsopano likukwawira pakati. Mmene mwafotokozeramu mwayi ulipo waukulu, bola muusiye upume. Chotsani chiguduli chija, chikuitana chiswe. Feteleza bwezerani kufodya. Nthambi zoumazo dulani bwinobwino, ndipo zungulizani mpanda wa minga pachulu ponse, makamaka kumbali ya kamzereko, chifukwa munthu mmodzi ndi chikwanje akhoza kumaliza zonse pa kanthawi kochepa. Kwa zaka zingapo pasapezeke wosemapo, ndipo woyamba kumvera lamuloli mukhale inu.

Za anthu obwerawo, musawabweze chimanjamanja. Nyemba zouma zija zili ndi njere zambiri. Muziswe, njerezo muziviike m'madzi otentha mpaka madziwo azizire, mawa lake mufese m'machubu. Nazale mukuidziwa kale, ndinu mlimi wa fodya. Musachedwe kuwokera, chifukwa muwawani umaponya muzu wautali pansi ndipo sukonda kusunthidwa ukakula. Alangizi a zankhalango a kwanuko angakuthandizeni. Wobwera ndi chikwanje azibwerera ndi mbande, ndipo mumuuze za kum'mawa ndi kumadzulo zija. Pakamwa panu panasonkhanitsa anthu, pomwepo pangathenso kuwaphunzitsa. Koma musanathyole nyemba ngakhale imodzi, tumani Feggie akapemphe kwa mayi ake, ndipo mbande zoyamba zikabzalidwe m'munda mwawo. Mkamwini wobzala mtengo wochedwa kukula apongozi amamumva kuti wabwera kudzakhala, ngakhale asayankhulane.

Tsopano funso lachiwiri, ndipo apa ndasiya kuseka. Feggie akunena zoona. N'zoona kuti anthu akhala akumwa muwawani kuyambira kale akamva m'mimba kapena kutentha thupi, koma mankhwalawa amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo alibe muyeso. Khungwa la mtengo uwu ndi la mtengo uwo mphamvu zake sizifanana, kachidutswa kanu kakang'onoko simukudziwa kuti kanyamula zotani. Kwa mayi woyembekezera akhoza kuwononga pakati. Mkulu wa pamzere uja mwina kumene anathamangira kuja ndiko kunamuthandiza, ndipo theka la Kasungu mukunenalo simunabwerereko kukaona amene anachira ndi amene anakathera kuchipatala.

Kuzizidwa ndi mutu kwa mayi wapakati timayamba taganiza za malungo, ndipo malungo a munthu wotere sadikira kuti mumalize kuthirira nazale. Musadikire tsiku la sikelo. Mukangowerenga yankho lino mukwezeni panjinga, akamuyeze magazi, ndipo mankhwala amene akamupatse amwe onse mpaka kumaliza, osasakaniza ndi zowiritsa za kunyumba. Agone m'neti usiku uliwonse.

Miyezi yonseyi mumaopa kuti mtengo ukauma mutaya Feggie. Musadzamutaye ndi kapu yanu yomwe, pamene mtengo uli maluwa okhaokha. Muwawani ukafa mudzabzala wina, njere zilipo. Feggie alipo mmodzi.

Aphungu