Kachipewa ka pa Ŵ

Lolemba, 9 Juni

Yafiiranso pa sikirini, kusonyeza kuti yalephera. Pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yake imayenera kukopera mawu akale a wailesi yathu kupita ku seva yatsopano, kompyuta yosungiramo mafayilo, m'mawa uliwonse. Mafoda onse adutsa kupatula awiri. Pulogalamuyo ikuti njira yopita ku mafodawo sikupezeka, koma foda ndikuiona ndi maso angawa! Seva yakale tizimitsa Lachisanu, zotsalamo zidzapita nayo.

Lachiwiri, 10 Juni

Imodzi yatheka: "Nyimbo za ng'oma". Kachizindikiro ka pakati pa g ndi o kamadula njira, pulogalamu n'kumafunafuna foda ya "ng". Ndakuta njira yonse m'mitengero, basi yadutsa.

Yatsala "Mawu a ŵanthu akale". Pa netiweki ŵ akusanduka chizindikiro cha funso. Ndaseka ndekha. Ndi dzanja la Achipewa limeneli, bwana wanga woyamba, amene anandiphunzitsa ntchito. Dzina limenelo tinawapatsa chifukwa ankayenda ndi cholembera chofiira, kuveka w aliyense kachipewa, ngakhale pa chikwangwani cha kuchimbudzi.

Lachitatu, 11 Juni

Bwana watsopano akuti, "Achemwali, ingochotsani kachipewako, sitili kusukulu pano." Sakunama. Koma mndandanda wa mapulogalamu a pa wailesi umaloza dzina lomwelo, ndikasintha tikonza mpaka tsitsi lichite imvi. Komanso mtima sukulola.

Ndinatsegula fayilo imodzi kuti ndione ngati ili bwino. Achipewa akuyesa maikolofoni, akutsokomola, kenako kamtsikana kakuseka kumbuyo. Ine! Masiku amenewo tinkagawana buledi pa bokosi la matepi, mvula ikadontha tinkavundikira makina ndi jekete yawo.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawaimbira Achipewa. Anayankha mwana wawo wamkazi, akuti masiku ano amaiwala, ndisadabwe. Atawapatsa foni, sanandizindikire. Ndinafotokozabe. Kenako anati: "Makina akale aja amalankhula chinenero chawochawo, mwana wanga. Osawakalipira, afunseni." Atatero anafunsa ngati ndine nesi.

Ndinalira pang'ono pa masitepe. Nditabwerera ndinafunsadi. Seva yakale imasunga zilembo mwakale, yatsopano imawerenga mwamakono, mwa UTF-8. Ndasintha malumikizidwe kuti zimvane. Tiona mawa.

Lachisanu, 13 Juni

Yobiriwira! Ŵ wafika ndi chipewa chake kumutu. Ndatsegula mafayilo angapo, onse akulankhula.

Masana bwana anabwera ndi mlonda kudzanyamula seva. Anaima pakhomo n'kuti, "Zimitsani ndinu, ndi yanu iyi." Ndinadina batani. Fani yoziziritsa seva inazungulira pang'onopang'ono mpaka zii. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti m'chipinda chino mumamveka msewu: njinga, mayi wina akuitanira malonda, ana akuweruka kusukulu.

Mlonda anati, "Tinyamule, mayi?"

Ndinati adikire kaye, idakali yofunda.