Memole ya Rauta ya Pafamu

Lachinayi, Raffingora. Tsiku lowawa.

Rauta yotumiza kutentha kwa m'mabalani a fodya ku ofesi yakhala ikuduka mauthenga akachuluka. Draiva yake ya netiweki, pulogalamu yolandira mauthengawo, ndinalemba ine. Imapempha memole, malo osungira mauthenga, ku kenelo, pulogalamu yaikulu yoyendetsa rauta, paketi iliyonse ya uthenga ikafika, kuti tisawononge malo.

Lero Yusufu, mnzanga wa m'komboni, wangosuzumira n'kunena kuti, "Achimwene, sungiranitu memole poyatsa rauta. Idya malo, koma mapaketi satayika."

Tayesa, ndipo sinadukenso. Manijala wamugwira chanza n'kumuthokoza m'Chishona, "Maita basa," ine ndili chiimire pomwepo.

Chondiwawa n'chakuti nzeru imeneyi ndinali nayo kale, koma ndinaisiya poopa kuti memole itichepera. Mawa ndikaona ngati mapulogalamu ena a m'rautamo sakubanika. Mulungu andikhululukire, ndikulakalaka atabanika.